Dashibodi Imene Inathetsa Banja Langa

Ine ku Joni ndinapita kukafuna mwamuna, osati ntchito. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa kuno kwa Likoswe alipo anthu amene mpaka lero amanena pa mjigo kuti ndinanyamuka ndi mtima wokalanda munthu mpando wake. Limenelo ndi bodza. Ndinali telala wa pakhonde, wosoka mayunifomu a ana asukulu ndi kuika zigamba pa mabuluku, ndipo zoti galimoto nayo imavala chikopa sindinkazidziwa n'komwe.

Bambo a Tiyese anali atakhalako zaka zinayi. Chaka choyamba ankaimba foni Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi. Chachiwiri ankaimba mwezi ukatha. Kenako foni yawo inayamba kumangolira, mpaka tsiku lina anaiyankha munthu wamkazi, m'chinenero chimene sindinachimve, chakumbuyo kukumveka khanda likulira. Sindinalire. Ndinagulitsa makina anga ndi mbuzi ziwiri, ndinasiya Tiyese ndi mlongo wake Madalo m'manja mwa achemwali anga aakulu, n'kukakwera basi ku Blantyre. Tiyese anali ndi zaka naini, Madalo zisanu.

M'basimo ndinakhala mpando umodzi ndi Abiti Juma a ku Ndunde, mayi wa bizinesi wonyamula nandolo ndi usipa kukagulitsa kwa Amalawi a kumeneko. Titadutsa boda yachiwiri, miyendo itatupa, ndinawafotokozera za ulendo wanga.

"Mwana wanga, mwamuna wosayankha foni samupitira wopanda pogona pako. Lemba nambala yangayi."

Kumene bambo a Tiyese ankakhala sindinkakudziwa. Chimene ndinali nacho ndi chithunzi chimene anatumiza kalekale, ataima pa geti la kuntchito kwawo. Abiti Juma anachionetsa anthu angapo, ndipo tsiku lachitatu ndinali nditaima pa geti lomwelo. Inali galaja yosoka mipando ndi zam'kati zonse za magalimoto a anthu olemera. Bambo a Tiyese atatuluka, epuloni ili m'khosi, fungo la guluu lili guu, sanandipatse ndi moni yemwe.

"Mwadzatani kuno?"

"Ana ali bwino, zikomo pofunsa."

"Ndati mwadzatani? Wakuuzani kuti mubwere ndani?"

"Ndabwera kudzamva nawo khanda lija mmene limalirira."

Anayang'ana uku ndi uku kuona ngati anzawo akumva. Kenako anati basi imene yandibweretsa imabwereranso, ndikaikwere, zina tikamba pafoni. Analowa n'kutseka geti.

Ndinakagona kwa Abiti Juma, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, akazi asanu, matiresi awiri. Denga linkadontha. Mvula ikagwa tinkakweza matumba a nandolo pa matiresi, ife n'kukhala tsonga m'mbali mwa khoma, chifukwa munthu akanyowa amauma koma nandolo amamera. M'mawa uliwonse ndinkapita kukakhala pa mwala wa pafupi ndi geti lija. Sindinkapempha kanthu. Ndinkangofuna kuti bambo a Tiyese akamalowa azindiona, akamatuluka azindionanso. Inali nkhanza, ndikudziwa, koma chida china ndinalibe.

Mwini galaja anali mkulu wina wa chimimba, wolankhula ngati akukalipa ngakhale popereka moni. Mayina a antchito ake analibe nawo ntchito. Wa ku Zimbabwe ankamuti Zimbabwe, mwamuna wanga ankamuti Malawi. Sabata yachiwiri anatuluka kudzandithamangitsa pa mwala paja. Wa ku Zimbabwe uja ndi amene anamuuza kuti mayiwo ndi mkazi wa Malawi, ndipo akuti ndi telala. Zinangochitika kuti mayi amene ankakhala pa makina anali atasiya ntchito masiku omwewo. Bwanayo anandikodola, anandikhazika pa makina a magetsi, n'kundiponyera kachidutswa ka chikopa.

Makinawo nditangowaponda anathamanga ngati ng'ombe yolumidwa ndi njuchi. Anthu anaseka. Kachiwiri mzere unakhota. Kachitatu phazi langa linagwirizana nawo, ndipo mzere unatuluka wowongoka ngati chingwe cha omanga nyumba. Bambo a Tiyese anadzaima kumbuyo kwanga ngati akuona ntchitoyo.

"Ukalowa muno, ine ndi iwe tathana," ananong'ona. Chikwatiraneni anali asananditchulepo kuti iwe.

"Kodi tinali tisanathane?"

Tsiku lomwelo ndinakhala Malawi Wachiwiri.

Tinagwira ntchito tebulo limodzi zaka zitatu. Iwo ankadula chikopa ndi kuchimata, ine ndinkasoka. Mawu amene ankadutsa pakati pathu anali a ntchito okhaokha: "ulusi wakuda," "apa pachepa," "sizasi." Masana ankatsegula kontena ya chakudya chophikidwa ndi mkazi winayo n'kumadyera pamaso panga, ine ndikumwa tiyi ndi buledi pakhomo. Poyamba ankandibisira sizasi. Kenako anayamba kundipatsa zidutswa zodulidwa mopotoka pang'ono, kuti msoko ukakhota wolakwa akhale wosoka. Ndinaphunzira kuyeza chidutswa chilichonse ndisanachiike pa makina, ndipo ndikachipeza chopotoka ndinkangochibweza mbali yawo ya tebulo osanena kanthu. Iwo nawo ankachitenga osanena kanthu. Antchito anzathu ankati tebulo lathu limazizira ngakhale mu Okutobala.

Koma ndisawanamizire, ntchito ankaidziwa. Ankadziwa mbali imene chikopa chimatamuka, malo ofunika kupala kuti chipindike bwino pakona, nthawi imene guluu wauma mokwanira kuti zinthu zigwirane. Ankangomukhudza ndi kumbuyo kwa chala, basi adziwa. Sanandiphunzitsepo ngakhale chimodzi. Ndinkangoba ndi maso.

Nthawi ina kunja kunavuta, alendofe tikusakidwa m'misewu, masitolo akuotchedwa. Bwana anatseka galaja masanasana. Bambo a Tiyese anakwera galimoto ya mnzawo, ine ndili chiimire pa geti, ndipo ndinaona ndi maso angawa kuti mpando wakumbuyo unalibe munthu. Ndinayenda wapansi, pakamwa nditatseka kuti lilime lisandigulitse. Nditafika, Abiti Juma anandikumbatira n'kundimenya khofi paphewa nthawi imodzi, akundikalipira m'Chiyao. Masiku anayi sitinatuluke. Tinadya nandolo wa malonda, wopanda mchere, ndipo iwo pa nthawi ya swala ankapemphera mwakachetechete pakona, ife ena tikupemphera zathu pakona ina.

Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kwa achemwali. Ana anapitiriza sukulu, njerwa zinaotchedwa, nyumba inayamba kukwera pa malo a amayi anga. Za bambo a Tiyese zinkapita kwina, ndipo zambiri zinkathera m'botolo. Lolemba lililonse ankabwera maso ali psuu, manja akunjenjemera mpaka dzuwa litakwera.

Galimoto imene inabala nkhani yonseyi inabwera m'nyengo yotentha. Inali yofiira, ya mipando iwiri yokha, yaifupi mwakuti mimba yake inkatsala pang'ono kukhudza pansi. Pa msewu wathu uno singayende ngakhale kuchoka pano kufika pa chigayo. Mwini wake ankaisamala ngati mwana, koma dzuwa linali litaononga dashibodi, thabwa lija la kutsogolo kwa dalaivala lokhala ndi mawotchi ndi mabowo otulukira mphepo. Chikopa chake chinali chitauma, chitang'aluka, ndipo m'mphepete mwa galasi chinali chitapindika ngati chikopa cha mbuzi choiwalidwa padzuwa. Chatsopano anachiitanitsa kutsidya kwa nyanja, tinachidikira miyezi iwiri. Chitafika bwana anachiyala yekha pa tebulo. Chinali chakuda bii, chofewa moti dzanja silinkafuna kuchokapo.

"Chikopa n'chimodzi chomwechi," anatero m'Chingerezi. "China kulibe. Amene achiononge asavutike kundifotokozera, angotenga jekete lake."

Amakaniko anachotsa dashibodi m'galimoto n'kudzaiika pa tebulo lathu. Bambo a Tiyese anasenda chikopa chakale pang'onopang'ono, ine n'kumasula misoko yake ndi kampeni kuti zidutswazo zikhale pateni. Anapala guluu wakale, anatseka ming'alu, anasalaza ndi sandipepa, anamata siponji yatsopano yopyapyala. Kenako anadula. Kenako inafika nthawi yanga. Msoko wake unali wa mizere iwiri ya ulusi wofiira, yoyendera limodzi kuchokera chitseko ichi kufika chitseko chinacho, kukwera kaphiri ka pamwamba pa mawotchi n'kutsikanso. Nsalu ukalakwitsa umamasula n'kuyambiranso. Chikopa ayi, pamene singano yabowola yabowola. Ndinasoka masiku atatu, m'makona ndikuyendetsa gudumu la makina ndi dzanja, mpweya nditaugwira. Lachisanu bwana ananyamula chikopacho, anayendetsa chala pa msoko kuchokera uku mpaka uko, n'kungoti, "Hm." Kwa iye kumeneko kunali kuyamikira.

Lolemba linali tsiku lomata. Manja aja ndinawaona m'mawa, ndipo ndinatsala pang'ono kunena kuti dikirani masana. Sindinanene. Zimenezi ndimavomera. Anapaka guluu, anafunditsa chikopa ndi chipangizo chopemerera mphepo yotentha, anachikoka mbali zonse, ndipo chinakhala bwinobwino, msoko uli pa mzere wake. Kunatsala kutsegula mabowo a mphepo. Anatenga mpeni. Pa bowo la pakati, malo amene aliyense wolowa m'galimoto amayamba kuona, mpeni unaterereka n'kuyenda pamwamba, kutalika ngati chala changa chapakatichi.

Bwana anali mu ofesi, akulankhula pafoni.

"Mayi a Tiyese," anatero motsitsa mawu. Zaka zitatu ndinali ndisanamve dzina limenelo pakamwa pawo. "Tinene kuti msoko wanu unafupika, ndiye chang'ambika pokoka. Inuyo bwana amakukondani, angokukalipirani basi."

"Amene achiononge atenge jekete lake. Munamva nokha."

"Ine ndili ndi mwana wamng'ono."

"Ine ndili ndi awiri. Mwina mumawadziwa."

"Ndine mwamuna wanu."

"Mwakumbukira lero?"

Bwana atatuluka n'kuona balalo, khosi lake lonse linafiira. Bambo a Tiyese sanadikire kufunsidwa. Anayamba kulankhula Chingerezi chawo chothamanga, akuloza makina anga: mkaziyu wasoka mofupika, ndinamuuza sanamve, chikopa chaphulika pokoka. Ankaganiza kuti ndikadali yemwe uja wa pa mwala. Koma zaka zitatu zokalipiridwa m'Chingerezi zimatsegula makutu.

Bwana anatembenukira kwa ine. Antchito onse anali atasiya zimene ankachita. Ndinatola kachidutswa kotsala pansi, ndinakakoka ndi manja awiri mpaka kanang'ambika, n'kukaika pafupi ndi balalo. M'mphepete mwake munali mokhotakhota, timaubweya tili nyankhalala. Ndinatola kena, ndinakacheka ndi mpeni umene unali ukadali pa tebulo, n'kukaikanso pomwepo. Kanali kosalala, kofanana ndendende ndi balalo.

Bwana anayang'ana zidutswazo. Anayang'ana manja a bambo a Tiyese. Kenako anawayandikira n'kuwanunkhiza pakamwa ngati mwana wakuba shuga.

"Malawi, jekete."

Povula epuloni anabwera pamene ndinaima. Ndinkayesa andimenya, ndipo wa ku Zimbabwe uja anali ataimirira kale. Sanandimenye. Anandilavulira pa phazi.

"Udzaziona kumudzi, mfiti iwe."

Geti litatsekeka bwana anandifunsa ngati chikopa chotsala chingakwane. Chinali cha chakumimba kwa ng'ombe, chotamuka kwambiri, ndipo chinali ndi chipsera chimodzi cha waya. Ndinazunguza mapateni pa tebulo theka la tsiku mpaka chipseracho chinagwera malo opindikira kunsi, kumene maso safika. Ndinasenda chimene mwamuna wanga anamata, ndi msoko wanga wa masiku atatu womwe. Ndinadula ndekha, ndinasoka ndekha, ndinamata ndekha, mmene ndinkawaonera iwo akuchita. Kenako ndinafika pa bowo la pakati lija. Ndinaika mpeni pansi, ndinatuluka panja, ndinamwa madzi, n'kubwerera. Linatseguka bwino.

Mwini galimoto atabwera anasisita dashibodi yake, anainunkhiza, anagwira bwana chanza kawiri. Ine anandiuza kuti ndisunthe, ndikutchinga kuwala, akufuna kujambula.

Nkhani inafika kumudzi sabata isanathe. Apongozi anga a ku Mpama anatumiza uthenga wa mawu pafoni, akulira ngati pamaliro: "Mwana wanga munamutsatira kuti mukamuvule. Ntchito yake mwatenga, bwana wake mwatenganso. Mulungu akuoneni." Ya bwanayo, yoti ndinkagona naye, inayenda mtunda wautali kuposa yoona. Ngakhale achemwali anga anati, "Komatu ukanangovomera. Mwamuna samuyalutsa pagulu." Abiti Juma okha ndi amene anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Akanakhala wanga ndikanamusendera makutu ndi mpeni womwewo. Idya, mwana wanga, mawa kuli ntchito."

Ndinakhalako zaka zina zinayi, tebulo lonse lili langa. Bwana anasiya kunena kuti Wachiwiri. Za bambo a Tiyese ndinkangomva kwa anthu: agwira apa, achotsedwa, mkazi uja wawatulutsira katundu panja, agwidwa alibe mapepala, awatumiza kumudzi. Ine chimene chinandibweza ndi chifuwa. Guluu uja amadya munthu m'kati, ndipo maso nawo anayamba kuona mizere inayi pamene pali iwiri.

Ndinafika kwa Likoswe nyumba itatha, malata akuwala. Madalo sankandidziwa bwino. Achemwali ankawatcha amayi, ine ankanditi "a ku Joni." Tiyese anali namwali wamtali, wosalankhulalankhula. Ndisanamasule ndi katundu yense, ankhoswe anafika: amalume anga, ndi amalume awo a bambo a Tiyese, eniake ali pambuyo, ataonda, malaya akulendewera m'mapewa. Anakhala pa mipando pakhonde la nyumba yanga, ine pa mphasa.

"Zakale ndi zakale," anatero amalume awowo. "Munthuyu ndi mkamwini wa pano, sanasudzulidwe. Nyumba yamangidwa, ana akula. Mayiwa angopepesa pa zimene anachita kuja. Iyeyu wakhululuka kale, alowe m'nyumba mwake."

"M'nyumba mwa ndani?" ndinafunsa.

Amalume anga anandiyang'ana ndi diso loti ndikhale chete. Sindinakhale.

"Njerwa iti imene anaumba? Mwini wake ali pompano, afunseni anene yekha. Chikopa chija anacheka ndani?"

Bambo a Tiyese anakhosomola. Kenako anati, "Mkazi wanzeru amaphimba mwamuna wake."

"Ndiye kafunenitu wanzeruyo. Pano palibe."

Pamenepo mawu anakwera. Anatchula ufiti, anatchula bwana, anatchula mwano wa akazi amene aona mizinda. Anthu a m'nyumba zoyandikana anabwera kudzaima patali, ena ndi misi m'manja. Pomaliza amalume anga anaona kuti sizitheka, anaomba m'manja n'kunena kuti mwana wawo wakana, banja lathera pamenepa. Alendo ananyamuka osalawa chakudya chimene achemwali anaphika.

Tiyese anamva zonse ali kuseri kwa nyumba. M'mawa mwake tinapita awiri kudimba kukathirira mpiru. Tinayenda maulendo angapo kuchitsime. Kenako anaima pakati pa mizere, keni ili m'manja.

"Amayi, n'zoona kuti ndinu amene munawachotsetsa ntchito?"

"N'zoona."

"Mukanatha kunena kuti mwalakwitsa ndinu?"

"Ndikanatha."

"Ndiye bwanji simunanene?"

Ndinamuuza zonse, mmene ndakufotokozerani inu, osabisa ndi za Lolemba lija zoti ndinaona manja koma sindinachenjeze. Ndinamuuza kuti ndikanatenga jekete ndine, sukulu yake ndi ya Madalo ikanathera pomwepo. Anamvetsera mpaka kumapeto, osandidula.

"Ndamva," anatero. "Koma atabwera akudwala, amene ndinkapita ku Mpama kukawaphikira phala ndine. Amene ndinkawachapira ndine. Iwo anabwera opanda kanthu, koma anabwera. Inu zaka seveni munkangotumiza malata."

Anathira madzi otsala pa mzere womaliza n'kupita kukatunga ena.

Mwezi womwewo anasamukira ku Mpama kwa agogo ake. Pa mwambo wathu ana ndi a kwa mayi, ndipo amalume anati akamutenga ndi dzanja. Ndinawaletsa. Bambo ake anamwalira mvula yotsatira isanagwe. Pamaliro ndinapita, koma m'siwa sanandilole kulowa; ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi amayi a mudzi wina amene sankandidziwa, ndipo mmodzi wa iwo anandifotokozera bwinobwino za mkazi woipa amene anapha malemuwo ku Joni. Ndinamumvetsera mpaka anamaliza.

Tiyese anakwatiwa komweko. Amabwera kuno nthawi zina kudzaona Madalo. Akafika amagwada chapatali, kuomba m'manja, "Muli bwanji, amayi?" Ulemu wonse umene mlendo amapatsidwa amandipatsa, palibe chimene ndingamudandaule. Ndikamupatsa mpando amakhala pansi. Ndikamuti agone amati kunyumba kuli ntchito.

Sabata yatha anabwera ndi mdzukulu wanga woyamba, wa miyezi iwiri. Ndinapukuta manja pa chitenje n'kuwatambasula. Tiyese anatembenuka pang'ono kuti ndimuone nkhope, mwanayo ali chimangidwire kumbuyo kwake.